Victor Jara: Woimba Yemwe Asilikali Anamuphwanya Manja

Anzanga, dzina loti Victor Jara munalimvapo? Anabadwa mu 1932 ku Chile, m'banja la alimi osauka, ndipo kuimba anatengera mayi ake, a Amanda. Nyimbo zake zinkakamba za alimi ndi anthu a m'mafakitale. Anaimbiranso kampeni ya Salvador Allende, yemwe anapambana chisankho mu 1970.

Pa 11 September 1973 asilikali a Pinochet analanda boma. M'mawa mwake anamugwira payunivesite pomwe ankagwira ntchito n'kukamutsekera musitediyamu ya Estadio Chile. Tangoganizani, woimba gitala kumuphwanya manja! Kenako anamuwombera zipolopolo 44. Anali ndi zaka 40 basi.

Asilikali 8 opuma pantchito anadzapezeka olakwa pa imfayi mu 2018, patadutsa zaka pafupifupi 45. Sitediyamu ija pano imatchedwa dzina lake.