DOTOLO ROBERT LAWS WA KU LIVINGSTONIA, SING'ANGA WA MASIKU A TSOKA

Mphunzitsi ali yense wa m'dziko la Mfumu Mwase ku Lundazi adziwa kuti ngozi siyembekeza kuti munthu afike pafupi ndi cipatala. Mwana alumidwa ndi njoka ku dimba, wina agwa mu mtengo nathyoka mkono, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzala, mudzi wonse ukhoza kugwidwa ndi nthenda ya m'mimba njira ya ku Boma itatsekeka. Pa masiku otere anthu athamangira kwa mphunzitsi. Cifukwa cace nkoyenera kukumbukira moyo wa Dotolo Robert Laws, amene anayamba nchito ya mankhwala m'Misyoni ya Livingstonia, tsinde la mipingo ndi sukulu zambiri za kuno.

Ubwana ndi maphunziro ace

Robert Laws anabadwa pa 28 May 1851 mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, ndipo mnyamatayo anaphunzira nchito yomweyo, nagwira usana, nawerenga usiku, kufikira analowa m'Yunivesite ya Aberdeen. Anawerenga za maulendo a David Livingstone, ndipo mtima wace unakhumba kupita ku Africa. Anaphunzira za ubusa ndi za udotolo pamodzi. Asanatsirize, anatumikira zaka ziwiri m'zipatala za nthomba ndi za nthenda zina zopatsana mu mzinda wa Glasgow, kumene ambiri anaopa kulowa. Kumeneko anaona ndi maso ace m'mene mliri uyendera pakati pa anthu okhala mothinana, opanda madzi abwino.

Masiku omwewo nzeru za madotolo zinalinkusintha. M'caka ca 1847 James Young Simpson wa ku Edinburgh anasonyeza kuti kolorofomu agonetsa munthu kuti asamve kuwawa pocitidwa opaleshoni, ndipo mu 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow analengeza njira yotsukira mabala ndi zipangizo kuti bala lisaole. Zinthu ziwirizi Laws anazitenga pobwera kuno.

Pa Cape Maclear

M'caka ca 1875 anacoka kwao pamodzi ndi gulu loyamba la Misyoni, lotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yao, Ilala, inamasulidwa zidutswa-zidutswa pa mathithi a Shire, ndipo amtengatenga mazana ambiri anaisenza pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo. Pa 12 October 1875 inalowa m'Nyanja ya Nyasa, imene tsopano ichedwa Nyanja ya Malawi, ndipo anamanga pa Cape Maclear.

Pa 2 March 1876 anabwera naye mnyamata wa cotupa pamwamba pa diso. Laws anamgoneka ndi kolorofomu anthu alikupenya, nadula cotupaco. Owonerawo anayesa kuti mnyamatayo wafa. Koma atadzuka wamoyo, wosakumbukira kuwawa kuli konse, mbiri inabuka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kale lonse bala lalikuru la mkondo kapena la ng'ona linali ngati imfa yomwe. Kuyambira tsikulo anthu anayamba kunyamula obvulala ao kupita nao kwa dotolo.

Koma malowo anali a malungo. Mu 1877 anamwalira Dotolo William Black ndi mlaliki Shadrach Mngunana wocokera ku Lovedale, ndipo mu 1880 anatsatira ena awiri. Pa nthawiyo panalibe wodziwa kuti malungo ayenda ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross anatulukira ici mu 1897. Laws analibe cina koma kwinini ndi maso ace. Anapenyetsetsa kuti imfa zicuruka pa malo otsika ndi otentha, cotero anasamutsa Misyoni kunka ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku phiri la Khondowe. Anali atakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, ndipo mai ameneyu anasenza naye mabvuto onsewa kufikira imfa yace mu 1921.

Nkhondo ndi mabala ace

Ku Bandawe anapeza Atonga atathawira m'malinga ndi m'mphepete mwa nyanja cifukwa ca nkhondo za Angoni. M'malingamo munali njala ndi matenda, pakuti anthu sanathe kulima kutali. Laws anamanga mabala a obvulala, koma anazindikira kuti kumanga bala lero, mawa nkubweranso nkhondo yina, kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Tsono anakwera kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, ndipo William Koyi, amene anadziwa cinenero ca Angoni, anakhala pa Njuyu kuyambira 1882. M'caka ca 1887, pamene nkhondo yaikuru inali pafupi kubuka, Laws anabweranso ku Njuyu, nakhala pa bwalo ndi mafumu pamodzi ndi Dotolo Walter Elmslie, ndipo Bandawe sanathiridwe nkhondo. Anthu amene anapulumuka pa kukambirana kumeneko aposa amene mpeni wa dotolo ukadawapulumutsa.

Madzi, cipatala ndi ophunzira

Pa Khondowe anamanga sukulu yaikuru yochedwa Overtoun Institution. Pokumbukira zimene anaona ku Glasgow, anakokera madzi a m'phiri m'mipope kufikira pa Misyoni, ndipo mu 1905 anayatsa magetsi ocokera ku mphamvu ya madzi. Mu 1911 anatsegula cipatala ca David Gordon Memorial, cimene cithandiza anthu kufikira lero.

Cacikuru koposa cinali ici: Laws anaona kuti madotolo a ku Ulaya sadzakwanira konse dziko lalikuru lotere. Cotero pa Institution anaphunzitsa ana a dziko lino uphunzitsi, ubusa, umisiri ndi nchito ya m'cipatala, kuti pa malo pamene dotolo palibe pakhale munthu wodziwa kutsuka bala, kumanga pfupa lothyoka ndi kuzindikira nthenda yoopsa. Ophunzira a Livingstonia anafalikira kutali. David Kaunda anapita ku Lubwa, ndipo aphunzitsi ocokera ku Loudon, kumene kunali Donald Fraser ndi mkazi wace Dotolo Agnes Fraser, anatsikira ku Marambo. Pa nchito yao panaphuka Misyoni ya Chasefu mu 1922.

Miliri ya zaka zotsiriza

Dziko la Marambo lomwelo linakhala malo a kafukufuku wochuka. Nthenda ya kaodzera inali itapha anthu oposa 200,000 ku Uganda, ndipo itaoneka m'cigwa ca Luangwa mantha anagwira maboma ndi mamisyoni. Mu 1911 ndi 1912 Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anakhala pa Nawalia, natsimikiza kuti kashembe wa m'chire muno ndiye anyamula kacirombo ka nthendayo, ndi kuti kacirombo komweko kapezeka m'mwazi wa nyama za m'thengo. Dotolo George Prentice wa Misyoni ya Kasungu analimbana ndi Boma kwa zaka zambiri pa mlandu wa nyamazo, poona kuti miyoyo ya anthu iposa nyama za alenje. Laws mwini anakhala m'Bwalo Lopanga Malamulo la Nyasaland kuyambira 1912 kufikira 1916.

Pomwepo inabwera nkhondo ya Ajeremani. Pa 9 September 1914 anamenyana pa Karonga, kumpoto kwa Livingstonia, ndipo m'zaka zotsatira amuna zikwi zambiri anatengedwa pa nchito ya mtengatenga, ambiri nafera m'njira ndi kamwazi ndi njala. Aphunzitsi ndi anchito a cipatala ambiri anapita ku nkhondo, sukulu zambiri zinatsekedwa, ndipo nkhondo itangotha mu 1918 fuluwenza inasesa midzi. Zaka zimenezi zinasonyeza kuti Laws sanalakwe pofuna kuti anthu odziwa cithandizo coyamba acuruke m'midzi.

Mu 1924 anasankhidwa kukhala Mtsogoleri woyamba wa Sinodi ya C.C.A.P. Anacoka ku Livingstonia mu 1927 atatumikira zaka 52, namwalira ku London pa 6 August 1934. Manda ace ali ku Aberdeen.

Cimene anasiyira aphunzitsi

Kafukufuku wa masiku apambuyo wabvomereza njira yace. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, Dotolo Elizabeth Molyneux ndi anzace anaphunzitsa anamwino ndi anchito ena kupenya mwana ali yense pofika, ndi kuyamba ndi amene ali pafupi kufa, osati amene anafika msanga pa mzere. Mu 2006 analengeza kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika kucokera pa 10 mpaka 18 mwa ana 100 kufika pa 6 mpaka 8. Cinapulumutsa anawo ndico dongosolo ndi maphunziro a anchito wamba.

Mphunzitsi wa ku Mwase sadzagwira mpeni wa dotolo. Koma akhoza kufinya bala ndi nsaru yoyera kuti mwazi uleke, kumwetsa thanzi mwana wotsegula m'mimba ali pa njira ya ku cipatala, kusamala citsime ndi zimbudzi za sukulu, ndi kulemba m'kaundula maina a ana odwala tsiku ndi tsiku. Ana asanu a mudzi umodzi akajomba ndi nthenda imodzi sabata imodzi, mphunzitsi ndiye woyamba kuona, ndipo ayenera kutumiza mau ku cipatala tsiku lomwelo.