Antonio Woyera wa ku Padua: Mtetezi wa Anthu Olemedwa ndi Ngongole

Akhristu ambiri amamudziwa Antonio Woyera wa ku Padua ngati woyera amene timamupempha chithandizo tikataya chinthu. Zithunzi zake zimamuonetsa atavala mkanjo wa chipani cha Francis Woyera, atanyamula Mwana Yesu ndi duwa loyera. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti miyezi itatu asanamwalire, iye anachititsa kuti mzinda wa Padua usinthe lamulo lotsekera m'ndende anthu olephera kubweza ngongole. Moyo wake uli ndi phunziro lalikulu kwa okongola ndi kwa okongoza omwe.

Ubwana ndi kuitanidwa kwake

Antonio anabadwira mu mzinda wa Lisbon m'dziko la Portugal cha m'ma 1195, m'banja lopata bwino, ndipo pa ubatizo anamutcha Fernando. Ali ndi zaka pafupifupi 15 analowa chipani cha ansembe otsata malamulo a Augustine Woyera ku São Vicente, kunja kwa linga la mzindawo. Poona kuti abale ndi anzake ankamuchezera pafupipafupi mpaka kumusokoneza pa mapemphero, anapempha kuti asamukire ku Santa Cruz mu mzinda wa Coimbra. Kumeneko anakhala zaka zingapo akuzama m'Malembo Oyera ndi m'mabuku a aphunzitsi akale a Mpingo.

M'chaka cha 1220 ku Coimbra kunafika matupi a abale asanu a chipani cha Francis Woyera wa ku Assisi amene anaphedwa ku Morocco chifukwa cholalika Mthenga Wabwino. Imfa yawo inamukhudza kwambiri Fernando. Anasiya nyumba imene inali ndi chuma ndi mabuku, nalowa chipani cha abale osaukawo, ndipo anatenga dzina loti Antonio. Anapita ku Morocco ali wokonzeka kufera Khristu, koma anadwala kwambiri. Pobwerera, mphepo yamkuntho inakankhira chombo chake ku chilumba cha Sicily. M'chaka cha 1221 anakakhala nawo pa msonkhano waukulu wa abale ku Assisi, kenaka anatumizidwa ku kanyumba ka mapemphero ku Montepaolo. Luso lake linadziwika mu 1222 ku Forlì, pamene anamuuza mwadzidzidzi kuti alalike pa mwambo wodzoza ansembe. Kuyambira pamenepo analalika kumpoto kwa Italy ndi kummwera kwa France, ndipo Francis Woyera anamuloleza kuphunzitsa abale za Mulungu ku Bologna, bola maphunzirowo asazimitse mtima wa pemphero.

Mizinda yolemera, mabanja osweka

Pa nthawi imeneyo mizinda ya kumpoto kwa Italy inali kutukuka mofulumira chifukwa cha malonda. Ndalama zinayamba kulamulira moyo wa anthu kuposa kale. Mlimi amene mbewu zake sizinachite bwino, kapena mmisiri amene wadwala, ankathamangira kwa anthu a katapila. Chiwongoladzanja chinkakwera mpaka kupitirira ndalama imene munthu anakongola. Akalephera kubweza ankamulanda munda ndi nyumba, ndipo zikapanda kukwanira ankamutsekera m'ndende. Ali m'ndende sakanatha kugwira ntchito, choncho ngongole sinkatha, ndipo mkazi ndi ana ankatsala opemphapempha.

Mpingo unali utadzudzula kale mchitidwewu. Msonkhano wachitatu wa ku Lateran wa mu 1179 unalamula kuti odziwika poyera kuti ndi a katapila asalandire Ukaristia, ndipo akafa osalapa asaikidwe mwa chikhristu. Komabe lamulo lokha silinasinthe mitima. Antonio ankadzudzula katapila mosapsatira mawu, nafanizira anthu otere ndi zilombo zolusa zimene zimadya chuma cha amasiye ndi osauka. Ankaphunzitsa kuti kulapa kwa munthu wolanda za mnzake sikukwanira ngati sabweza zimene analandazo, monga anachitira Zakeyo (Luka 19:1-10). Pali nkhani imene akhristu akhala akusimba kuyambira kale, yoti pa maliro a munthu wina wa katapila Antonio ananena kuti mtima wa malemuyo suli m'chifuwa mwake, ndipo anthu atakafufuza anakaupeza m'bokosi la ndalama. Nkhaniyi imatikumbutsa chiphunzitso cha Ambuye pa Mateyo 6:21, chonena za kumene mtima wa munthu umakhala.

Lenti ya chaka cha 1231

Atatula pansi udindo woyang'anira abale a kumpoto kwa Italy mu 1230, Antonio anakhazikika ku Padua. M'nyengo ya Lenti ya 1231 analalika tsiku ndi tsiku, ngakhale thupi lake linali lotupikana ndi matenda. Matchalitchi anachepa, mwakuti anayamba kulalikira pabwalo. Buku lakale la mbiri yake lotchedwa Assidua, lolembedwa patangopita nthawi yochepa iye atamwalira, limasimba kuti anthu ankafika mpaka 30,000, ndipo ena ankadzuka usiku ndi nyali kuti akapeze malo. Akatha kulalika ankamvetsera olapa mpaka dzuwa kulowa, nthawi zambiri osalawa kanthu. Limasimbanso kuti adani anayanjana, am'ndende anamasulidwa, ndipo ena anabweza zimene anazipeza mwa katapila ndi mwa chinyengo.

Antonio sanalekere pa ulaliki pokha. Anapita kwa akuluakulu a mzinda kukawadandaulira za am'ndende a ngongole. M'mwezi wa March 1231 mzinda wa Padua unakhazikitsa lamulo lakuti munthu wolephera kubweza ngongole asatsekeredwe m'ndende ngati wavomera kupereka katundu wake kwa amene anamukongoza. M'lamulomo munalembedwa kuti linapangidwa potsatira pempho la mbale Antonio. Tiyenera kulimvetsa bwino lamuloli. Silinafafanize ngongole, ndipo silinapatse anthu danga lothawa udindo wawo. Wokongola ankayenerabe kupereka zimene anali nazo. Chimene linakana ndi chakuti thupi ndi ufulu wa munthu zikhale chikole cha ndalama.

Maziko ake m'Malembo Oyera

Zimene Antonio anachita zinachokera m'Malembo amene anawaphunzira ku Coimbra. Pa Deuteronomo 15 Mulungu analamula kuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse ngongole za pakati pa Aisraele zikhululukidwe. Pa Eksodo 22:25-27 analetsa kulandira chiwongoladzanja kwa wosauka, ndiponso kugona ndi chofunda chake ngati chikole. Nehemiya atamva kulira kwa anthu amene anapereka minda ndi ana awo chifukwa cha ngongole, anasonkhanitsa olemera nawalumbiritsa kuti abweze zonse (Nehemiya 5). Ambuye Yesu nawo, m'fanizo la pa Mateyo 18:23-35, anadzudzula wantchito amene anakhululukidwa ngongole yaikulu koma anakatsekera mnzake m'ndende chifukwa cha ngongole yaing'ono.

Malembo amalankhulanso kwa wokongola. Pa 2 Mafumu 4:1-7 mayi wamasiye amene ana ake awiri anali pafupi kutengedwa ukapolo sanabise vuto lake, koma anakalira kwa mneneri Elisa. Mneneriyo anayamba ndi kumufunsa chimene anali nacho m'nyumba. Mafuta atachuluka, anamuuza kuti akagulitse, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake. Pamenepa tikuona pemphero, chilungamo ndi khama zikuyendera limodzi.

Imfa ndi ulemu wake

Itatha Pasaka, Antonio anapita ku Verona kukapempha Ezzelino da Romano kuti amasule am'ndende a pa nkhondo, koma ulendowu sunaphule kanthu. Atafooka kwambiri anakapuma ku Camposampiero, kumene anamumangira kachisakasa mu mtengo kuti azipempheramo. Matenda atakula anapempha kubwerera ku Padua, koma anamwalirira pa njira, ku Arcella, pa 13 June 1231, ali ndi zaka pafupifupi 36. Papa Gregory IX anamulengeza kukhala woyera ku Spoleto pa 30 May 1232, chaka chisanathe chimwalirireni. Mu 1263, posamutsa thupi lake, Bonaventura Woyera anapeza lilime lake lisanaole. Mu 1946 Papa Pius XII anamutcha Mphunzitsi wa Mpingo. Abale a chipani chake anapitiriza kulimbana ndi katapila, ndipo mu 1462 ku Perugia analimbikitsa kutsegulidwa kwa thumba lokongoza osauka popanda kuwadyera masuku pamutu.

Phunziro kwa ife

Mkhristu amene ngongole yamulemera asataye mtima, ndipo asaganize kuti Mulungu wamutaya. Aipereke nkhawa yake kwa Ambuye m'pemphero, ndi kupempha nzeru ndi kulimba mtima. Aulule zoona kwa mkazi kapena mwamuna wake, pakuti ngongole yobisa imapasula banja. Akakumane ndi amene anamukongoza m'malo momuzemba, agwirizane za kabwezedwe kamene angakwanitse, ndipo apewe kukongola kwina kuti atseke ngongole yakale. Amene anakongoza mnzake nayenso akumbukire kuti m'pemphero la Atate Athu timapempha chikhululukiro pa muyeso womwe ife timakhululukira anzathu. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati aphunzitse mbali zonse ziwirizi, ndipo akhale tcheru kuti m'bale amene wazingwa asasowe womumvera ndi womulangiza.

Mpingo umakumbukira Antonio Woyera pa 13 June chaka chilichonse. Pa tsikuli tiwapempherere onse amene sagona tulo chifukwa cha ngongole, kuti kudzera m'mapemphero a woyerayu apeze njira yobwezera mwa chilungamo, ndiponso akumane ndi anthu a mtima wachifundo.