A Rudolf Diesel, Mwini Dzina la Injini ya Dizilo

A Rudolf Diesel anabadwira mu mzinda wa Paris pa 18 March 1858. Makolo ao anali ocokera ku Bavaria, ndipo nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia itabuka mu 1870, banjali linakakamizidwa kusamukira ku London. Mnyamatayu anatumizidwa kwa acibale ku Augsburg kukaphunzira. Pambuyo pake analowa sukulu ya ukacenjede ku Munich, kumene anaphunzitsidwa ndi a Carl von Linde, katswiri wa makina oziziritsa zinthu, ndipo anatsiriza mu 1880.

Cimene cinali kuwasowetsa tulo ndi kutentha kongotayika. Injini za nthunzi za masiku amenewo zinali kumwaza pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu ya malasha. Iwo anaganiza zopanikiza mpweya mu silinda mpaka utenthe kwambiri, kuti mafuta akangopoperedwamo aziyaka okha popanda pulagi. Mu 1893 analandira cikalata ca umwini wa lusoli, ndipo makampani a Krupp ndi Maschinenfabrik Augsburg anaikapo ndalama. Injini yoyamba inaphulitsa cipangizo coyezera, koma ya mu 1897 inali kugwiritsa nchito pafupifupi 26 peresenti ya mphamvu ya mafuta. Pa cionetsero ca ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umenewu inayenda ndi mafuta a nshawa.

Nkhani ya kutentha sinathere pamenepo. Motoka zambiri za dizilo za makono zili ndi masensa pa paipi ya utsi, amene amauza kompyuta nthawi yowocha mwaye wounjikana mu sefa, pa madigiri pafupifupi 600. Sensa ikafa, nyali imayaka kutsogolo kwa dalaivala ndipo motoka imatha kucepa mphamvu. Makaniko wodziwa nchito amayamba wayang'ana mawaya ndi polumikizira asanauze mwini motoka kugula sensa ina, cifukwa nthawi zina vuto limangokhala waya wopserera.

A Diesel sanaone zimenezi. Ngakhale analemera, cuma cao cinathera m'malonda osayenda bwino. Madzulo a pa 29 September 1913 anali m'sitima ya pamadzi yochedwa Dresden, kucokera ku Antwerp kupita ku Harwich. Kutaca, m'cipinda cao munalibe munthu. Mtembo unaoneka pa nyanja patapita masiku pafupifupi 10, ndipo mwana wao Eugen ndiye anazindikira tinthu tomwe tinapezeka m'matumba. Anali ndi zaka 55.