'Abdu'l-Bahá ndi Chilungamo Pakati pa Mayiko

Sabata ino tikuwerenga za 'Abdu'l-Bahá, mwana wamwamuna wamkulu wa Bahá'u'lláh. Anabadwira ku Tehran pa 23 May 1844. Ali ndi zaka 8 anaona bambo ake ali m'maunyolo m'ndende ya Síyáh-Chál, ndipo mu 1853 banja lake linapirikitsidwa m'dziko la Persia. Anakhala ku Baghdad, Constantinople ndi Adrianople, kenaka mu 1868 anawatsekera mumzinda wa 'Akká. Ufulu anaupeza mu 1908, kumutu kuli mbuu ndi imvi.

Tisaiwale zimenezi tikamawerenga zomwe analemba. Maboma awiri amphamvu anachita kupatsirana munthuyu, iye wosalakwa kanthu, ndipo panalibe bwalo loti akadandauleko.

Mu 1875, akadali mkaidi, analemba buku la The Secret of Divine Civilization, koma sanaikepo dzina lake. M'bukumo anapempha olamulira mayiko kuti akhale pansi ndi kuchita pangano lolimba. Malire a dziko lililonse adziwike bwino, zida za nkhondo zikhale ndi mlingo wake, ndipo boma lophwanya panganolo mayiko ena onse aliukire pamodzi. Mfundo yomalizayi imatidabwitsa ambirife, poti tinazolowera kuganiza kuti mtendere ndi kufatsa basi. Iye anaona kuti lamulo lopanda wolilondera limangoteteza amphamvu.

Mu 1912 anapita ku America, ndipo mu May anayankhula pa msonkhano wa ku Lake Mohonk wokambirana zothetsa mikangano ya mayiko popanda nkhondo. Ku Washington, pa chakudya cha anthu olemekezeka, anaitanitsa Louis Gregory, loya wachikuda, n'kumukhazika pampando waulemu pafupi naye. Kwa iye tsankho la mtundu ndi nkhondo zinali ndi muzu umodzi.

Nkhondo itabuka mu 1914, anagawira anthu anjala a ku Haifa ndi 'Akká tirigu wolimidwa kufupi ndi nyanja ya Galileya, osafunsa chipembedzo cha munthu.

Mu December 1919 analembera kalata bungwe lolimbikitsa mtendere la ku The Hague. Ananena poyera kuti League of Nations, yomwe inkakhazikitsidwa nthawi imeneyo, siingathe kubweretsa mtendere wa dziko lonse. Iye ankafuna Bwalo Lalikulu la mayiko onse. Nyumba ya malamulo ya dziko lililonse isankhe anthu odziwa bwino malamulo a pakati pa mayiko, chiwerengero chawo chilingane ndi kuchuluka kwa anthu a dzikolo, ndipo chigamulo cha bwaloli chimange dziko lalikulu ndi laling'ono lomwe. Patangopita zaka 20, nkhondo yachiwiri inabuka.

Anamwalira ku Haifa pa 28 November 1921. Pa maliro ake panasonkhana anthu pafupifupi 10,000, Asilamu, Akhristu, Ayuda ndi ena, ndipo ananyamula bokosi lake pamapewa kukwera nalo phiri la Karimeli.