Alan Turing, Munthu Amene Anadzisandutsa Makina

Masiku ano ngakhale foni ya m'thumba ingathe kugonjetsa katswiri wa tchesi, koma awerengi athu ayenera kudziwa kuti ntchito imeneyi inayamba ndi pensulo ndi pepala, m'manja mwa munthu amene anamwalira asanalawe zipatso zake.

Alan Turing anabadwira mu London pa 23 June 1912, naphunzira masamu ku King's College, Cambridge. Mu 1936 analongosola za makina okhoza kuwerengera chilichonse chowerengeka ngati apatsidwa malangizo oyenera. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse anatumikira boma la Britain ku Bletchley Park, kumene anathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a Ajeremani.

Nkhondo itatha, funso limene linamsowetsa tulo linali lakuti kodi makina angathe kuganiza, ndipo tchesi anaiona ngati muyeso wabwino. Mu 1948 iye ndi bwenzi lake David Champernowne analemba malangizo otchedwa Turochamp. Malangizowo anali akuti makina ayese kusuntha kulikonse kololedwa pamodzi ndi yankho la mdani, apatse kulikonse mtengo wake m'manambala, ndi kusankha kopambana. Turing anayamba kuwaika pa kompyuta yaikulu ya Ferranti Mark 1 ku Manchester, koma ntchitoyo inaposa mphamvu ya makinawo.

Chotero mu 1952 iye mwini analowa m'malo mwa makina. Anasewera ndi mnzake wa pantchito, Alick Glennie, akuwerengera papepala pafupifupi theka la ola pa kusuntha kumodzi, osaonjezapo nzeru zakezake. Turochamp inagonja atasuntha maulendo 29, komabe zinaoneka poyera kuti malangizo okha angathe kusewera tchesi kufikira mapeto.

Chaka chomwecho khoti linam'peza wolakwa pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, chinthu chimene malamulo a nthawiyo ankaletsa. Anasankha kulandira mankhwala m'malo mwa ndende, ndipo boma linaleka kumkhulupirira pa ntchito zachinsinsi. Anamwalira ndi poizoni pa 7 June 1954, ali ndi zaka 41, ndipo ofufuza anagamula kuti anadzipha.

Mu 1957 Alex Bernstein anachititsa kompyuta ya IBM 704 kusewera masewera athunthu, ndipo mu 1997 Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, ngwazi ya dziko lonse. Chikhululukiro cha Mfumukazi Elizabeth II chinafika mu 2013, patapita zaka 59 mwini wake atamwalira.