Alick Nkhata, mawu omwe ankatuluka m'sefuliya

LUSAKA: Msewu wochoka ku Longacres kulowera ku Kalingalinga mumzinda wa Lusaka umatchedwa Alick Nkhata, ndipo m'mbali mwake ndimo muli likulu la wailesi ndi kanema ya boma la Zambia, ZNBC. Anthu oyenda pa minibasi amatchula dzinali tsiku ndi tsiku pouza kondakitala pomwe atsikire. Mwini dzinali adali woimba komanso woulutsa mawu amene agogo athu ku Kasama, ku Mzimba, ku Fort Jameson ndi m'makomboni a Salisbury ankamuzindikira akangoyamba kulankhula, ngakhale ambiri a iwo adali asadaonepo nkhope yake.

Nkhata adabadwa mu 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko lomwe nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Bambo ake adali Mtonga, mayi ake Mbemba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamupeza ali mnyamata, ndipo adali mmodzi mwa asilikali a ku Africa amene boma la Britain lidawatumiza ku Burma kukamenyana ndi asilikali a Japan. Anyamata ambiri a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia adayenda ulendo womwewo. Ankakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa, n'kukaima ku Ceylon, kenako mu 1944 n'kulowa m'nkhalango za Burma mvula ili pachimake. Amene adabwerako adabwera ndi zipsera ndi malungo, komanso makutu atsopano, pakuti m'misasa adamva malekodi a galamafoni a mitundu yambiri ndipo adaona zomwe gitala imodzi ingachite pakati pa amuna osowa kwawo.

Nkhondo itatha, Nkhata adagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za makolo amene pambuyo pake, mu 1954, adakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa. Tracey ankayenda ndi makina olemera m'midzi, m'migodi ndi m'mabwalo a mafumu, kujambula ng'oma, kalimba, bangwe ndi nyimbo za pamtondo. Panthawi imene anthu ambiri ophunzira kusukulu za mishoni ankaona nyimbo zoterezi ngati zachikunja kapena zachikale, Nkhata adaziona zikuyikidwa m'malekodi, zikulembedwa dzina la woimba, mudzi wake ndi chilankhulo chake. Ntchito yonse imene adadzagwira pambuyo pake ikuonetsa kuti phunziro limeneli lidamulowa.

Wailesi ya ku Lusaka idayamba mu 1941, ndipo cholinga chake choyamba chidali kuuza anthu nkhani za nkhondo ndi za abale awo omwe adali kunkhondoko. Mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani za boma, Harry Franklin, adaikulitsa mpaka idasanduka Central African Broadcasting Service, wailesi youlutsira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula m'Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto lidali lakuti omvera adalibe chomvera. Mawailesi a nthawiyo adali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi, pomwe nyumba za m'komboni ndi za kumudzi zinkawala ndi koloboyi. Franklin adafunafuna kwa zaka kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain idavomera. Wailesiyo idafika pamsika mu 1949. Idali yozungulira, ya mtundu wobiriwira ngati thambo, ndipo chikuto chake chidali cha aluminiyamu chopangidwa ngati sefuliya yopanda chogwirira, n'chifukwa chake idatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Mtengo wake udali mapaundi 5, batire yake paundi imodzi ndi masheleni 5.

Ndalama imeneyi idali yoposa malipiro a mwezi a antchito ambiri, komabe kalaliki, mphunzitsi, kapitawo wa pamgodi kapena mwini kantini ankatha kuisonkhanitsa. Nyumba imodzi ikagula, mudzi wonse wagula. Madzulo anthu ankanyamula mipando ndi mikeka kupita pakhonde la mwini wailesi, waya wokokera mawu atamangidwa kumtengo, ana atakhala pansi kutsogolo. Mwini nyumba ankaisamala batire ngati ufa wa m'chaka cha njala, ndipo ankadziwa pulogalamu yoyenera kutsegulira ndi yoyenera kuisiya ipite.

Pulogalamu imene palibe ankalola kuti imupite idali ya dzina la Chinyanja, Zimene Mwatifunsa. Omvera ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Kuti timvetse kukoma kwake tiyenera kukumbukira momwe mabanja a chigawo chino adabalalikira m'zaka zimenezo. Amuna a ku Nyasaland adali m'mafamu a fodya a Southern Rhodesia, kumalasha ku Wankie, m'migodi ya kopa ku Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope, ena ku Joni kudzera ku Wenela. Kalata inkatenga milungu, ndipo ikafika inkafuna wina woiwerenga. Koma dzina la munthu likatchulidwa pa wailesi, mayi wake kumudzi ankadziwa usiku womwewo kuti mwana wake ali moyo, ndipo anansi onse ankakhala mboni. Ngakhale mtchona amene adasiya kalekale kutumiza ndalama ankatha kupezeka mwa njira imeneyi. Ku Nyasaland, komwe wailesi ya MBC idadzakhazikitsidwa mu 1964, anthu ambiri adayamba kumva Chinyanja pa wailesi kuchokera ku Lusaka.

Nkhata adalowa ntchito pa wailesiyi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 monga woulutsa mawu ndi womasulira. Aliyense amene adagwirapo ntchito yomasulira nkhani akudziwa kulemera kwake. Nkhani zinkalembedwa m'Chingerezi cha m'maofesi a boma, ndipo womasulira ankayenera kuzisandutsa mawu oti nkhalamba ya kumudzi imve ikangomva kamodzi, popanda mwayi wobwerera pamzere wapamwamba. Mawu ambiri a ndale, a zachuma ndi a zaumoyo adalibe ofanana nawo okhazikika m'zilankhulo zathu, choncho zomwe oulutsa a m'badwo umenewo ankasankha pamaikolofoni ndizo zinkafalikira m'misika ndi m'mabwalo a milandu.

Koma chimene chidamutchukitsa ndi nyimbo. Adayamba ndi gulu la anthu anayi, lomwe lidakula n'kukhala Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pake lidatchedwa Big Gold Six. Wailesiyi inkatumiza magalimoto ojambulira m'maboma kukatenga nyimbo za anthu, motero idali ndi nkhokwe yaikulu ya nyimbo za makolo. Nkhata ankatenga nyimbo ya kumudzi, kuisiyira mtima wake ndi mayankhidwe ake, n'kuiveka gitala ndi mawu osanjikizana bwino a amuna angapo, ofanana ndi a magulu oimba a anthu akuda a ku America omwe malekodi awo ankamveka m'matauni. Nyimbo yotamanda Kalindawalo, mfumu ya Ansenga ku Petauke, idafika mwa njira yotere m'makutu a anthu amene sadapondepo ku Petauke. Nyimbo zomwe adapeka yekha zinkanena za moyo wa m'tauni monga momwe udalili: woyendetsa takisi, mowa wa uchi wotchedwa imbote, mnyamata wodzikongoletsa amene ndalama zake zimathera m'zovala, chikondi chotha ndi kutsanzikana. Zambiri adaziimba m'Chibemba, zina m'Chinyanja. Imodzi ili ndi mutu wa mwambi wa Chibemba, Uluse Lwalile Nkwale, womwe Mchewa safuna womasulira kuti aumve, pakuti ndi womwe uja wa chifundo chimene chidapha nkhwali.

Nthawi imeneyo gitala idali itagwira chigawo chonse. Ku Bulawayo kudali George Sibanda, ku Katanga kudali Jean Bosco Mwenda, ndipo m'makomboni a migodi ya kopa mudali oimba oyendayenda monga Stephen Tsotsi Kasumali, amene Tracey adawajambula mu 1957. Tikayerekeza ndi oimba a m'migodiwa, nyimbo za Nkhata ndi zosalala, zochapidwa ndi kusitidwa, ndipo munthu angathe kunena kuti ndi nyimbo za akalaliki ovala tayi. Mawu amenewo ali ndi choonadi chake. Komabe kusalala kumeneku ndiko kudachititsa kuti nyimbo ya pamtondo ilowe m'nyumba ya mphunzitsi ndi ya mbusa popanda wina kuchita nayo manyazi, ndipo pansi pa mawu ofewawo pamakhala chitonzo chimene chimaluma munthu atamaliza kale kuseka.

Mayeso aakulu adabwera ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba mu 1953 ngakhale anthu akuda ambiri a kumpoto adachikana. Wailesi idali ya boma, ndipo nkhani zokometsera chitaganya zinkatuluka m'kamwa mwa oulutsa akuda omwe anthu ankawakonda. Womvera pakhonde sankaona pepala lomwe woulutsa wapatsidwa. Iye ankangomva mawu a munthu amene dzulo lake adamupatsira moni wochokera kwa mlongo wake. M'miyezi imeneyo mudabuka mphekesera za banyama, anthu ogwira anzawo usiku kuti awapope magazi, omwe ku Malawi timati anamapopa, ndipo zidamveka kuti shuga wathiridwa mankhwala oletsa kubereka. Oulutsa mawu a ku Lusaka adali m'gulu la okayikiridwa, ndipo ena adaopsezedwa. Peter Fraenkel, amene adagwira ntchito pa wailesiyi, adafotokoza za nyengo imeneyi m'buku lake la mu 1959 lotchedwa Wayaleshi. Mu 1958 wailesiyi idalowa m'manja mwa bungwe loulutsa mawu la chitaganya, lomwe likulu lake lidali ku Salisbury, ndipo mpata wopumira udacheperachepera.

Nkhata adapyola m'nyengo imeneyi dzina lake lisadagwe. Ndale za ufulu zitakula, adapereka luso lake ku chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda ndipo adaimba nyimbo zochilimbikitsa. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, Zambia idalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo iye adakwera kufika pa maudindo akuluakulu pa wailesi ya dzikolo, kenako mu nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Mu 1974 adapuma pantchito n'kupita kukalima ku famu yake ku Mkushi, dera la alimi akuluakulu lomwe lili m'mbali mwa msewu wopita ku Tanzania. Chaka chotsatira Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia, lamulo lomwe lidatsegulira khomo achinyamata a Zamrock ndi magulu a kalindula. Iwo ankaimba mwaphokoso kuposa iye, koma mfundo yoti nyimbo ya kwanu ndi yoyenera pa wailesi adaipeza itayalidwa kale.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe idamutsatira kumunda. Zambia inkasunga misasa ya ZIPRA, gulu lankhondo la Joshua Nkomo, ndipo umodzi mwa misasayo, momwe munkaphunzitsidwa atsikana ndi amayi, udali ku Mkushi. Pa 3 Seputembala 1978 asilikali a ZIPRA adagwetsa ndege ya Air Rhodesia yonyamula anthu wamba itangonyamuka ku Kariba. Boma la Ian Smith lidabwezera pa 19 Okutobala. Ndege zake zidalowa mu Zambia, zidaphulitsa msasa wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, kwinaku woyendetsa ndege wina akulamula bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke. Tsiku lomwelo asilikali a Rhodesia adathira nkhondo msasa wa ku Mkushi, ndipo anthu ambiri adafa. Nkhata, mlimi wopuma pantchito amene sadali msilikali wa mbali iliyonse pa nkhondoyo, adaphedwa pa chiwembucho kufupi ndi famu yake. Adali ndi zaka 56. Zimbabwe idalandira ufulu patangotha chaka chimodzi ndi theka.

Malekodi ake oyambirira adali a galamafoni, aja osweka akangogwa pansi, ndipo kwa zaka zambiri nyimbo zake zinkapezeka kwa okhawo amene adazisunga m'masutikesi. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London idasonkhanitsa zina mwa izo m'chimbale chomwe chidatenga dzina la nyimbo yake Shalapo, mawu a Chibemba omwe munthu wochoka amanena kwa wotsala.