Mayi Emma DeLany, Mphunzitsi wa ku Mbombwe

Anzanga amene tinaphunzira limodzi ku Thekerani, ambiri a ife timakumbukira aphunzitsi odzipereka amene ankachokera kutali kudzatiphunzitsa kumapiri kwathu kuno. Ankakhala nafe zaka ziwiri, kenaka n'kubwerera kwawo. Ine ndinkati mlendo ndi mame, sangasiye kanthu. Maganizo amenewa ndinawasiya nditamva mbiri ya Mayi Emma DeLany, amene anaphunzitsa kwa anansi athu ku Chiradzulu.

Mayiwa anabadwa m'chaka cha 1871 ku Fernandina, m'chigawo cha Florida ku America. Anali munthu wakuda ngati ife. Anaphunzira pa sukulu ya atsikana ya Spelman mumzinda wa Atlanta, kumene anaphunziranso za unamwino ndi za umishoni. Mu 1902 mpingo wa National Baptist Convention unawatumiza kuno kudzathandiza Abusa John Chilembwe, amene anali atatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900. Anapeza mnzawo wina wa ku America, Abusa Landon Cheek, atafika kale mu 1901. Chaka chomwecho cha 1902 banja la a Thomas Branch, nawonso akuda a ku America, linafika ku mishoni ya ku Makwasa imene lero timaitcha Malamulo, ndipo mwana wawo Mabel ankaphunzitsa ana kumeneko.

Ku Mbombwe Mayi DeLany ankaphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Anayambitsa bungwe la amayi ndiponso makalasi osoka, akugwira ntchito limodzi ndi Mayi Ida Chilembwe. Sanakwanitse zaka zisanu m'dziko muno, ndipo anabwerera kwawo.

Pakhomo pawo pankakhala mnyamata wina wowathandiza ntchito, amenenso anali wophunzira wawo, dzina lake Daniel Sharpe Malekebu. Mayiwa atachoka, mnyamatayu anayenda pansi mpaka ku Beira, napeza ganyu m'sitima ya pamadzi, nawatsatira ku America. Kumeneko anaphunzira mpaka anakhala dokotala pa Meharry Medical College mu 1917.

Tonse tikudziwa zimene zinachitika mu Januwale 1915. Nkhondo ya Chilembwe itatha, boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka mishoniyo. Amene anadzaitsegulanso mu 1926 ndi Dokotala Malekebu yemweyo, pamodzi ndi mkazi wawo Mayi Flora, amenenso anaphunzira ku Spelman. Pansi pa utsogoleri wawo sukulu zinatsegulidwanso ndipo tchalitchi chatsopano chinamangidwa.

Mayi DeLany sanaone zimenezi. Mu 1912 anapita ku Liberia kumene anayambitsa Suehn Industrial Mission. Anabwerera ku America mu 1920, ndipo anamwalira mu 1922 ndi malungo amene anawatenga ku Africa. Anali ndi zaka 51 zokha.

Ndikaganizira mbiri imeneyi ndimachita manyazi. Mayi uyu anawoloka nyanja kudzaphunzitsa ana a eni, pamene ife amene tili m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre timafika ku Thekerani pa maliro pokha, n'kubwerera titadzaza nthochi m'galimoto. Inenso ndili m'gulu lomweli. Patha zaka zambiri ndisanalowe m'kalasi mmene ndinaphunziriramo.

Choncho ndikupempha komiti yathu kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane za nkhaniyi. Pakati pathu pali odziwa masamu, sayansi ndi Chingerezi. Aliyense atapatula sabata imodzi ya tchuthi chake kukathandiza ana amene akukonzekera mayeso, aphunzitsi athu angapumeko. Mayi DeLany sanadziwe kuti mnyamata wa pakhomo pawo ndiye adzautse mishoni yonse. Ifenso sitidziwa kuti m'makalasi athu aja mwakhala ndani. Ine ndalembetsa kale dzina langa kwa alembi a bungwe lathu.